Kalata Zathu Zofunsira Nchito Akuwerenga Ndani?

Mvula ikayamba kukata, cha mu March ndi April, pa wailesi yathu pamachuluka zilengezo za nchito. Makampu a m'tchire amene anali otseka dzinja lonse amayamba kukonzekera alendo, ndiye pamafunika ophika, ochapa, operekera zakudya, amakanika, alonda ndi omanga zisakasa za udzu zimene zimamangidwanso chaka ndi chaka. Ife odzipereka pa wailesi ndife timawerenga zilengezozo, ndipo tikatuluka mu studio timapeza anyamata ndi atsikana akutidikira panja, ena ochokera ku Cropping, ena ku Masumba, ena atapalasa njinga kuchokera kwa Mnkhanya, kuti tiwabwerezere pamene sanamve bwino.

Zaka zingapo zapitazo chilengezo chinkatha ndi mawu akuti bweretsani kalata yanu pa geti, mufunse a manijala. Makampu ang'onoang'ono ambiri akuchitabe choncho, ndipo kumeneko kalata yako imalandiridwa ndi dzanja la munthu. Koma zilengezo za mabungwe ndi makampani akuluakulu, amene likulu lawo lili ku Lusaka kapena kunja kwa dziko, lomba zimatha ndi link. Palibe geti, palibe dzina la munthu. Inu anzathu a ku Kalingalinga, ku Chawama kapena ku Kapata mukuzidziwa zimenezi kuposa ife, chifukwa kwa inu zinafika kale: umadzaza timabokosi pa foni, umatumiza CV, umadina batani, basi n'kuyamba kudikira.

Mu February chaka chino mng'ono wathu wina, tisamutchule dzina, anabwera kudzabwereka laputopu ya pa wailesi. Ndi wophika, ali ndi satifiketi yake, ndipo wagwira zaka zinayi m'kampu ina ya m'tchire komwe buledi amaphikira m'ng'anjo yokumba pansi. Ankafuna nchito ya chaka chonse pa hotela ina yaikulu m'tauni. Tinamuthandiza kudzaza fomu, netiweki ikuvuta monga mwa masiku onse, ndipo tinatumiza cha m'ma 21 hours. M'mawa mwake anatisonyeza yankho pa foni yake. Chinali Chizungu chosalala, chaulemu, chomuthokoza kwambiri ndi kumuuza kuti sanachite mwayi. Titayang'ana nthawi imene uthengawo unafika, tinapeza kuti unafika 02 hours usiku. Tinaseka, wina n'kunena kuti nthawi imeneyo okhala maso ndi afisi ndi afiti chabe. Mwini wake sanaseke. Anati, "Akulu, nanga wandikana ndani? Ndifuna ndikamufunse kuti ndalakwitsa pati." Tinasowa chomuyankha.

Amene anamukana usiku umenewo ayenera kuti sanali munthu. Makampani akuluakulu padziko lonse amagwiritsa nchito mapulogalamu a kompyuta osefa makalata ofunsira nchito. Ena ndi osavuta kumva: a HR amaika malamulo, monga akuti wopanda dipuloma achoke, wosakwana zaka zitatu pa nchito achoke, ndipo makina amangotsatira ngati sefa ya ufa. Ena ndi amene tikuwatcha AI, ndipo awa sachita kuuzidwa zonse. Amapatsidwa mulu wa ma CV a anthu amene kampani inawalandira kale, n'kuphunzira okha mmene munthu "woyenera" amaonekera papepala, kenako n'kumapereka mamakisi kwa aliyense watsopano. Pali enanso omvetsera intavyu ya pa vidiyo, okonza mashifiti, ndi owerengera mmene wanchito wagwirira mwezi wonse. Ife sitikuti makinawa atayidwe. Tikuti awerenge, asanje, athandize, koma mawu okana munthu kapena omuchotsa nchito azichokera kwa munthu mnzake, wokhala ndi dzina ndi ofesi, woti tingathe kumupeza n'kumufunsa.

Tisanamizane, pali chifukwa chake ena mwa ife amawakonda makinawa asanawaone n'komwe. Tinakula ndi mawu akuti wako ni wako. Tonse tikudziwako nchito imene inalengezedwa pa wailesi pamene mwini wake anali atapezeka kale, mphwake wa auje, ndipo chilengezocho chinali chongophimba anthu m'maso. Tikudziwa atsikana amene anauzidwa kuti "tionane madzulo" kuti kalata yawo ikwere pamwamba, ndi anyamata amene anagulitsa mbuzi kuti apereke kangachepe. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu, ndipo amene alibe mfumu mu ofesi amangonunkhiza pa khomo. Kompyuta ilibe mphwake, siidya mbuzi, siipempha nambala ya foni ya mtsikana. Munthu amene wakanidwa kasanu chifukwa chosowa wachibale akamva zimenezi amati bwerani nayo mawa lomwe. Ife sitimuseka munthu ameneyo, chifukwa ena a ife tinayendapo njira yomweyo.

Ndiponso makalata amachuluka zedi. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi 30,496 ndi anchito a zaumoyo 11,276, ndipo ofunsira uphunzitsi okha anaposa 100,000. Tangoganizani makatoni a maenvulopu m'maofesi a maboma, ndi anthu ochepa owerenga mpaka maso kufiira. Munthu wotopa amalumpha pepala, amaiwala, ndipo kalata yowerengedwa dzuwa likulowa siilandira chidwi chofanana ndi ya m'mawa. Pa nchito yongowerengera, yoona ngati satifiketi ilipo kapena ngati wina wafunsira kawiri, makina amatiposa kutali, ndipo palibe chamanyazi kuvomera zimenezo.

Vuto lili pa zimene makina amaphunzira. Kampani ya Amazon, imene siisowa ndalama kapena akatswiri, inayamba mu 2014 kupanga pulogalamu yopereka nyenyezi imodzi mpaka zisanu kwa ofunsira nchito. Anaiphunzitsa ndi ma CV amene kampaniyo inalandira pa zaka 10. Popeza ambiri mwa ma CV amenewo anali a amuna, pulogalamuyo inadziphunzitsa yokha kuti mwamuna ndiye woyenera. Inayamba kuchotsa mamakisi pa CV yokhala ndi mawu osonyeza kuti mwini wake anali m'kagulu ka akazi, ndi kutsitsa anthu ochokera ku makoleji awiri a akazi okhaokha. Palibe amene anailamula kutero. Akatswiri anayesa kuikonza, koma analibe chitsimikizo choti siidzapeza njira ina yosankhira anthu, ndipo mapeto ake anaisiya. Nkhaniyi inatuluka ndi Reuters mu October 2018. Amazon inati olemba nchito ake sanaigwiritse nchito poweruza anthu, koma phunziro lake linamveka ponseponse: makina amatengera khalidwe la amene anawalera.

Tsono bweretsani nkhani imeneyo kuno ku chigwa cha Luangwa. Tengani mafayilo a zaka 20 a nchito zokopa alendo, muwapatse makina kuti aphunzire. Adzaphunzira kuti gaidi ndi mwamuna, chifukwa akazi oyendetsa alendo m'paki ndi owerengeka. Adzaphunzira kuti manijala kawirikawiri amachokera kutali, ndipo mwana wa kwa Kakumbi kapena kwa Nsefu malo ake ndi kukhitchini, kochapira ndi pa geti. Wako ni wako uja tinkamuthawa ali m'mafayilo momwemo. Kusiyana kwake n'kwakuti kale tinkadziwa nyumba yake, pamene lomba wabisala m'masamu ndipo sungamuloze chala.

Wina adzati chotsani bokosi lofunsa mtundu ndi lofunsa ngati ndiwe mwamuna kapena mkazi, nkhani ithe. Siingathe. M'Zambia muno dzina lokha limanena zambiri. Ukamva Banda, Phiri, Mwale kapena Sakala sufunsanso kuti kwawo n'kuti. Dzina la sukulu limanena ngati unakulira m'tauni kapena kumudzi. Ngakhale nambala ya NRC imaulula, chifukwa manambala awiri a pakati aja amasonyeza boma kumene unatengera khadi yako. Employment Code Act ya 2019 imaletsa kusankha munthu chifukwa cha mtundu wake, kumene anachokera, chilankhulo chake kapena chifukwa ndi mkazi. Koma bwana akamasankha pamakhala womumva, mlembi kapena mnzake wa mu ofesi, ndipo tsiku lina nkhani imatuluka. Makina akamasankha, ngakhale amene anawagula sangadziwe kuti akusankha.

Chimene chimatiopsa kwambiri ife a kuno ndi dzinja, ndipo anzathu a m'tauni mutimvetsere pamenepa. Mvula ikagwa cha mu November, dothi lakuda la m'chigwa limasanduka phala, mitsinje imadzaza, misewu yambiri ya m'paki siipitika, ndipo makampu a m'tchire amatsekedwa mpaka May kapena June. Maloji ena a pafupi ndi geti la Mfuwe amagwira chaka chonse, koma anchito a m'makampu amabwerera kumudzi. Sapita kukagona. Amakalima chimanga, thonje ndi mpunga, n'kumagona m'minda kuthamangitsa njovu kuti ana adzadye. Koma papepala zimaoneka motere: June mpaka October ali pa nchito, November mpaka May palibe kanthu, June mpaka October ali pa nchito, kenako palibenso kanthu. Chaka ndi chaka pali bowo la miyezi 6 kapena 7.

Mu 2021 a Harvard Business School pamodzi ndi kampani ya Accenture anatulutsa kafukufuku wa olemba nchito a ku America, Britain ndi Germany. Anapeza kuti pafupifupi theka la ofunsidwawo amasefa ndi kutaya CV yokhala ndi mpata woposa miyezi 6, ndipo ambiri mwa iwo anavomereza okha kuti sefa zawo zimataya anthu oyenera nchito. Lamulo lotere linapangidwira mayiko amene nchito siitengera mvula. Kwa makina otsatira lamulolo, wophika wathu uja ndi munthu amene wasiya nchito kanayi m'zaka zinayi, wosakhazikika, wokayikitsa. Kwa aliyense wodziwa chigwa chino, ndi munthu amene bwana wake anamuitananso katatu, ndipo kuno kuitanidwanso ndiye kalata yaumboni yoposa zonse, chifukwa kampu ya m'tchire siibweza munthu waulesi kapena wa manja aatali. Lamulo lathu la nchito limaizindikira nchito ya nyengo kuti ndi nchito yeniyeni. Pulogalamu yogulidwa kunja, yoikidwa osasintha kalikonse, siidziwa kuti kuli mtsinje wotchedwa Luangwa. Palibe amene anamuuza mng'ono wathu chimene chinamugwetsa, ndipo vuto lagona pomwepo: bowo la dzinja angathe kulifotokoza m'masekondi 20, koma analibe womufotokozera.

Onjezanipo 2020, pamene Covid inaimitsa ndege ndipo alendo anasowa m'paki. Anthu ambiri a kuno anakhala pakhomo nthawi yaitali popanda kulakwa kulikonse. Bowo limenelo likadali pa ma CV awo mpaka lero.

Pali zinanso zimene pepala silinyamula. South Luangwa imatchuka padziko lonse ndi ulendo woyenda pansi m'tchire, umene Norman Carr anautchukitsa kuno. Ndi yemweyo amene mu 1950 anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo oti alendo azionerapo nyama, ndalama zake zikupita kwa eni dziko. Poyenda pansi, kutsogolo kumakhala sikauti wa mfuti, kenako gaidi, alendo pakati, ndipo kumbuyo wonyamula tiyi. Moyo wa anthu onsewo umadalira zinthu zimene sizilembeka m'kabokosi ka fomu: kumva kulira kwa anyani n'kudziwa kuti nyalugwe ali pafupi, kuona ndowe ya njati n'kudziwa ngati yadutsa m'mawa uno kapena dzulo, kudziwa kumene mphepo ikulowera njovu ya mwana isanakununkhize, ndi kuima osathawa pamene mlendo wayamba kunjenjemera. Ena odziwa tchire motere sanafike Grade 12. Ena anali opha nyama mozemba, amene anapereka mfuti ndi mawaya awo kudzera m'mabungwe monga COMACO n'kuyamba moyo wina. Sefa ya kompyuta ingawaike pansi penipeni anthu otere, pansi pa mnyamata wa digiri amene sanaonepo mvuu ili pamtunda. N'chifukwa chake mayeso a magaidi kuno sathera papepala. Olemba alipo, inde, koma alipo ndi a m'tchire, pamene okuyesa amapita nawe n'kuona ndi maso awo mmene ukuchitira.

Ndiye pali intavyu ya pa vidiyo, yoti uzilankhula ndi kamera popanda munthu mbali inayo, makina n'kulemba mawu ako ndi kuwapatsa mamakisi. Mu 2020 akatswiri a ku Stanford anayesa makina omva mawu a Amazon, Apple, Google, IBM ndi Microsoft. Anapeza kuti pa mawu 100 alionse a anthu akuda a ku America ankalakwitsa 35, pamene pa mawu a azungu ankalakwitsa 19. Amenewo ndi anthu obadwira m'Chizungu. Nanga ife amene l ndi r timazisinthanitsa osadziwa, amene Chizungu chathu chimayenda ndi phazi la Chikunda ndi Chinyanja? Ndipo kwathu mwana woleredwa bwino sayang'anitsitsa wamkulu m'maso, sakweza mawu, sadzitama. Makina ophunzitsidwa kuti woyang'ana m'maso ndi wolankhula mwamphamvu ndiye wodzidalira adzaona ulemu wathu ngati mantha. Kampani ya HireVue, yotchuka ndi ma intavyu otere, inalengeza mu 2021 kuti yasiya kuyeza nkhope za anthu, madandaulo atachuluka. European Union nayo, kuyambira February 2025, inaletsa makina ongoganizira za mumtima mwa munthu pa malo a nchito. Nkhawa yathu ndi yakuti katundu wokanidwa ku Ulaya satayidwa kawirikawiri, amabwera kuno ngati salaula. Za netiweki yoduka uli pakati pa chiganizo, ndi foni yotha batire chifukwa magetsi anapita m'mawa, sitinena n'komwe.

Nkhani siithera pa kulembedwa nchito. Masikauti ambiri m'mapaki a mu Africa, ndi a kuno ku Zambia omwe, amayenda ndi zipangizo za GPS zolemba njira yonse ya patrol, kudzera m'mapulogalamu monga SMART. Zimenezi zathandiza kudziwa kumene misampha ikuchuluka ndi malo amene sakuyenderedwa, ndipo ife tikuyamika. Koma tsiku lina wina mu ofesi adzaganiza zoti manambala omwewo aziweruza wolandira bonasi ndi amene kontrakiti yake isawonjezedwe. Sikauti amene wabisala usiku wonse pa doko, udzudzu ukumudya, akudikira opha nyama, sanayende kilomita ngakhale imodzi. Mnzake amene wazungulira mumsewu wosavuta wayenda makilomita ambiri. Manambala adzakonda wachiwiriyo. Chimodzimodzi m'maloji: alendo amalemba pa Tripadvisor mayina a gaidi ndi woperekera zakudya amene anawaseketsa, koma mayi amene anasita zovala zawo ndi nsimbi ya makala sanamuonepo, ndipo dzina lake silidzatuluka. Mukauza makina kuti apeze wanchito wabwino powerenga ndemanga za alendo, mayiyo kulibe. Employment Code imati munthu asachotsedwe nchito chifukwa cha khalidwe kapena kagwiridwe kake ka nchito asanapatsidwe mpata wodziyankhira. Mpata umenewo umakhala wopanda pake ngati amene wakhala kutsogolo kwako akungoti, "Ndi system yanena."

Mawu amenewo, akuti ndi system, tawamva kale ku banki, kogula mayunitsi a magetsi ndi kwa a mobile money, ndipo tinazolowera kungotembenuka n'kupita. Pa nchito tisazolowere. Data Protection Act ya 2021 imapatsa munthu ufulu woti asagamulidwe ndi makina okhaokha pa nkhani yokhudza moyo wake kwambiri. Lamuloli lili ndi mipata yake, ndipo umodzi ndi wakuti ngati wavomera wekha, zimaloledwa. Kabokosi kaja timadina mothamanga kumapeto kwa fomu, osawerenga chifukwa bandulo ikutha, nthawi zina ndi chilolezo cha mtundu umenewo. Ndipo munthu wofuna nchito angakane bwanji kudina? Mu November 2024 Unduna wa Technology and Science, motsogozedwa ndi a Felix Mutati, unakhazikitsa ndondomeko ya dziko ya AI. Ndi chiyambi chabwino, koma ndondomeko yokhazikitsidwa ku Lusaka imatenga nthawi kufika kwa Malama kuposa mmene pulogalamu yogulidwa pa intaneti imafikira pa desiki la a HR. Bungwe la ZIHRM, limene limayang'anira anthu a nchito ya HR m'dziko muno, ndi loyenera kuuza mamembala ake poyera kuti wogula makina osefa anthu ndiye adzayankha mlandu wa makinawo.

Kunja ena anayamba kale kuyankha milandu yotere. Mu 2023 kampani ya iTutorGroup, yolemba aphunzitsi a Chizungu a pa intaneti, inavomera kulipira madola 365,000 ku America chifukwa pulogalamu yake inkakana yokha akazi a zaka 55 kupita m'tsogolo ndi amuna a zaka 60 kupita m'tsogolo. Okhudzidwa anaposa 200. Chotisangalatsa ndi mmene zinadziwikira. Mayi wina atakanidwa anatumizanso fomu yomweyo, n'kusintha tsiku lobadwa lokha kuti aoneke wamng'ono, ndipo anaitanidwa ku intavyu. Akanangoti ndi tsoka langa, palibe akanadziwa. Mzinda wa New York nawo, kuyambira July 2023, umafuna kuti makina osefa ofunsira nchito aziyesedwa chaka ndi chaka ndi anthu apadera ngati sakukondera, ndi kuti ofunsira aziuzidwa kuti makina alipo.

Zimene tikupempha kuno si zazikulu kuposa zimenezo. Chilengezo chizinena poyera ngati kalata idzayamba yawerengedwa ndi makina. Wokanidwa akhale ndi nambala kapena ofesi kumene angafunse chifukwa chake, ndipo woyankhayo akhale ndi mphamvu yotsegulanso fayilo, asakhale wongopepesa. Kampani iliyonse yolemba anthu ochokera m'madera a nchito za nyengo, kaya ndi kuno, kaya ndi m'minda ya fodya ndi ya nzimbe, iyang'ane ngati sefa yake ikutaya anthu chifukwa cha bowo la nyengo. Pa nchito za kuno kwathu njira ya kalata ya pamanja isatsekedwe, chifukwa mwana wa kwa Msoro amene alibe foni yaikulu si wopanda nzeru. Ndipo mafumu athu ndi ma Community Resources Board, amene amakambirana ndi eni maloji za kulemba ana a m'dera, ayambe kufunsanso funso ili pa misonkhano yawo: mwalonjeza kulemba ana athu, koma wosefa makalata awo ndani? Titanena zonsezi, tikudziwa kuti munthu amene tikumupempha kuti akhale ndi mawu omaliza ndi yemwe uja ali ndi mphwake. Sitikumuyesa mngelo. Koma munthu tingamutengere kwa a Labour, tingamutchule pa msonkhano wa mfumu, tingamuitane pa wailesi kuti ayankhe anthu akumva.

Ifenso achinyamata tili ndi mlandu wathu. Ambiri lomba tikulembetsa makalata kwa ChatGPT, ndipo palibe choipa kupempha thandizo pa Chizungu. Koma taona makalata pa laputopu ya pa wailesi amene mwini wake sangathe kuwawerenga mokweza, odzaza ndi maluso amene alibe, onse ofanana ngati anabadwa kwa mayi mmodzi. Makina akulembera makina anzake, ife anthu tili pambali kuonerera. Makalata akafanana choncho, olemba nchito amawonjezera sefa, ndipo woyamba kugwa ndi uja analemba zoona m'Chizungu chake chosweka. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo a manijala a m'tchire amazipeza nyererezo tsiku loyamba, akakupatsa ufa ndi yisiti n'kukuuza kuti alendo adzuka 05 hours.

Pa wailesi yathu tagwirizana kanthu kakang'ono. Chilengezo cha nchito chikabwera ndi link yokha, timafunsa wochibweretsa ngati makalata adzawerengedwa ndi munthu, ndi kumene wokanidwa angakafunse. Ena amayankha bwino, ena amati akafunsa ku likulu, ena amadabwa kuti wailesi ya kumudzi ikufunsa zotere. Chimene ayankha timachiwerenga pamodzi ndi chilengezocho, ndipo akakhala chete timanenanso kuti sanatiyankhe. Anyamata obwera kudzalemba CV timawauza kuti m'miyezi ya dzinja asasiye poyera, alembe kuti kampu inali yotseka chifukwa cha mvula ndipo anaitanidwanso.

Wophika uja anaitanidwanso ku kampu yake mu May, chaka chachisanu. Anadutsa pa wailesi ndi chikwama chake akudikira galimoto ya kampu, natiuza kuti kalata ya 02 hours ija sanaifafanize, akufuna adzaisonyeze munthu wa ku hotelayo ngati adzakumana naye. Mu November mvula ikagwa adzabwerera kumunda, ndipo CV yake idzakhala ndi bowo lachisanu.